Foni ya malemu Gray

Laxon wakhala akukonza mafoni pakhonde la sitolo ku Trelawney kuyambira kale, ndi kabokosi kakuda kotsegulira mafoni a mabatani. Kabokosiko kankamvana bwino ndi kompyuta yake yakale, mpaka tsiku lomwe mphezi inaiwotcha. Mwana wake Vimbai anamugulira laputopu yatsopano, koma iyo, kunyada kwake, inakana kabokosi. Ati madiraiva ake, timapulogalamu toyendetsera kabokosiko, ndi achikale, alibe chidindo.

Vimbai anapeza njira: poyatsa pali mabatani oti udine kuti makina aleke kufunsa chidindocho. Anakonza m'mawa, kabokosi n'kuyamba kuphethira, iye n'kukwera kombi ya ku Chinhoyi kuntchito. Laxon ataona kuti magetsi kulibe, anazimitsa laputopu kuti batire isathe. Munthu wosamala zinthu.

Masana kunafika Fraser panjinga, wochokera kukomboni ya pafamu ya fodya. Mkulu wake, Gray, anali atamwalira, ndipo akuluakulu anakana kukumba manda malume a ku Dedza, eni mbumba, asanamve. Nambala yawo inali m'foni ya malemu, yokhomedwa ndi kodi, nambala yachinsinsi yomwe mwiniwake anapita nayo.

"Ntchito yaing'ono iyi," anatero Laxon.

Anayatsa, analumikiza. Zii. Anasintha chingwe, anauzira pobowola, anapukuta kabokosi ndi malaya. Laputopu inangolira kamodzi n'kulemba Chingerezi chake chamwano.

"Achimwene, kunjaku kukutentha," anatero Fraser. "Mtembo sudikira kompyuta."

"Ndiye mukufuna ndiimenye?"

Thukuta lili kamukamu, Laxon anaimbira Vimbai.

"Baba, munaizimitsa?"

"Ndimasunga batire."

"Nhai baba, ndinanena kuti mukazimitsa imaiwala zonse."

"Chinthu chatsopano n'kumaiwala kuposa ine? Yakale ija ndinkaizimitsa tsiku lililonse, sinandichititsepo manyazi."

"Yakale ija inafa. Gwirani batani la shifiti, musalisiye."

Anayamba ulendo wautali. Vimbai akuti dinani apa, Laxon akudina apo. Kawiri konse anaphonya, makina n'kuyaka mwachizolowezi, n'kuyambiranso. Fraser anayamba kuzungulira njinga yake, akung'ung'udza kuti bola akanapita ku Banket.

"Pitani," anatero Laxon osadzutsa mutu. "Anyamata a kumeneko akakufufutirani zonse, ndi malume omwe."

Kachitatu chinsalu chabuluu chinabwera pagalasi la laputopu, Laxon anadina batani la seveni mwaukali. Kabokosi kanaphethira. Kodi inatuluka, foni inatseguka.

M'menemo munali a Malume atatu. Fraser anaimbira woyamba, anali wogulitsa feteleza ku Norton. Wachiwiri sanayankhe. Wachitatu anayankha ndi mawu a nkhalamba, tambala akulira kumbuyo. Fraser anavula chipewa, anakhala pansi pasimenti n'kunena uthenga wake pang'onopang'ono.



"Ndamva, mphwanga," inatero nkhalamba. "Kumbani."