Masipika a Malemu Smart

"Tulutsani masipika onse awiri, alamu, pamodzi ndi mawaya ake," anatero a Sebastiano ataima pakhomo. Kulowa sanalowe, ngati kuti m'nyumba ya mng'ono wawoyo munali nthenda.

Jesinta anali atagwada, akupinda mphasa zimene anagonera anthu a pamaliro. Mutu wake wongometa kumene unkayabwa ndi thukuta, paja dzuwa la ku Bangula silidziwa kuti pano pagwa zovuta. Mwamuna wake Smart anali atangoikidwa kumene m'manda. Njinga yamoto imene anakwera inawomba ng'ombe pamsewu wa ku Ngabu, basi nkhani nkuthera pomwepo.

"Akupita kuti masipikawa, alamu?"

"Kutchalitchi. Tagwirizana kale ife abale ake. Atumikira mdyerekezi mokwanira, akatumikireko Mulungu."

Kutchalitchi! Tchalitchi chomwecho chimene chinakana kumuimbira! Anthu inu, munthu amene anakulira m'nyimbo anapita kumanda kuli zii, kumangomveka mapazi a onyamula bokosi ndi kusisima kwa mayi ake. Ndipo panja apo, pamthunzi wa mtengo wa nimu, panali patakhala a Nicholas, mkulu wa kwaya ya tchalitchicho, ngolo ya ng'ombe ikudikira pambali.

Mlandu wa Smart unali umodzi. Tsiku lina anaima kuseri kwa mpanda wa tchalitchi, kwaya ikuphunzira, nkujambula pafoni pamene amayi amakweza mawu. Kachidutswa kameneko anakasanjika pamwamba pa kugunda kwa makina ake nkukaimba m'bala ina ku Nchalo. Nkhani itafika kwa akuluakulu ampingo, anati watengera mawu opatulika kumowa. Anamudula, ndipo sanamukhululukire ngakhale ali m'bokosi.

Smart sanali DJ wokondweretsa anthu, izi nzoona. Akamuitana kuukwati, anthu ankafuna nyimbo za pawailesi, iye nkumawaikira zakezake zopanda oimba, zogunda pansi pa mchombo. Bwalo linkatha ngati kwagwa mvula. Kugundako anakuphunzira m'mamemori khadi amene msuweni wake ankabwera nawo kuchokera ku Beira ndi ku Joni, koma zoikamo ankatola konkuno: valimba, mangolongondo a Chisena amene ankaimba malemu bambo ake, injini ya chigayo cha kwa Tengani, nkhafi za asodzi m'dambo la Elephant Marsh, ngakhale achule. Sankathamangitsa valimba kuti ifanane ndi makina ayi, ankachedwetsa makinawo. "Wamkulu ndi valimba, makina atsate pambuyo," ankatero. Polumikiza nyimbo ziwiri ankachita kuluma mlomo, ati DJ ndi telala, msoko ukaoneka ndiye kuti walephera. Omumvetsa anali achinyamata ochepa a ku Blantyre ndi ena akutali omwe ankamulembera pafoni. Pamudzi ankangoti Smart mutu sukuyenda.

Jesinta anadzuka, namanga chitenje, nkudutsa alamu akewo pakhomo mpaka pamthunzi paja. Sanagwade.

"Abambo a Nicholas, mwaswera bwanji?"

"Taswera, mayi. Pepani ndi zovutazi."

"Pepani wanuyo wafika mochedwa. Mawu anu anali oyera kwambiri moti sakanaperekeza mwamuna wanga kumanda. Lero mukufuna mawu omwewo akwezedwe ndi masipika ake?"

A Nicholas anayang'ana nsapato zawo. "Lamulo la mpingo, mayi. Si ine ndekha ndinagamula."

"Nanga lamulo lomwelo silikuti katundu wa munthu wodulidwa ngwodetsedwa?"

"Tikawapempherera."

"Eee! Sipika mukaipempherera, koma mwini wake munalephera?"

"Nkhabe, alamu!" anakalipa a Sebastiano, Chisena chitawatulukira ndi mkwiyo. "Musatichititse manyazi pamaso pa alendo. Ng'ombe tinapereka kwanu, katundu wa Smart ndi wa pamtundu pathu. Mkazi alankhulapo chiyani?"

Jesinta anatembenukira kwa apongozi ake, amene anali pakhonde atatambasula miyendo. Mayiwo ndi amene analira kwambiri maliro opanda nyimbo aja. Koma tsopano anangokoka mpango nkuphimba kumaso. Apo Jesinta anadziwa kuti ali yekha, ndipo mtima unamuwawa kuposa tsiku la maliro.

A Sebastiano analowa okha, mantha a pakhomo aja atatha. Anatulutsa sipika yoyamba akubuula, kenaka yachiwiri, kenaka mikisa yosakanizira nyimbo imene mabatani ake anali atafufutika ndi zala za Smart. Potsiriza anatuluka atakumbatira laputopu.

"Imeneyo yokha ndisiyireni, alamu," anatero Jesinta. Apa ndiye anagwada, fumbi likumuotcha m'mawondo. "Masipika tengani. Umo muli ntchito yake yonse. Muli valimba ya bambo anu omwe."

"Bambo anga ankaimba ndi manja, osati zamisalazi. Mwana wa a Nicholas akafufuta zonse, aikemo nyimbo zauzimu."

"Mukumuika m'manda kachiwiri, alamu."

"Mwalankhula mokwana."

Manyazi anthu ena alibe, ndithu. Atakweza zonse pangolo, a Nicholas anatola mtolo wa mawaya, nautembenuza uku ndi uku, nkutsokomola pang'ono.

"Mayi, kodi wofiirayu amalowa pati?"

Jesinta anawayang'ana mpaka bambowo anaphethira. "Mukafunse mwini wake. Mukudziwa kumene munamusiya."

M'mtolo muja munakodwa mahedifoni akuda, akale, omangidwa ndi tepi pakati. A Nicholas anawamasula, nawayang'anitsitsa. Waya wopita kukhutu lamanzere anali wodulidwa, nsonga yake ili lende.

"Awa ngowonongeka, amamveka mbali imodzi," anatero. "Sitingapite nawo kunyumba ya Mulungu."

A Sebastiano anawalanda nkuwaponya pamphasa. "Nacho chikumbutso chanu, alamu, poti mumafuna chotsala."

Ngolo inanyamuka, masipika akugundana, a Nicholas atagwirizira laputopu pachifuwa ngati khanda. Jesinta anayang'ana mpaka inakhota kuseri kwa chigayo. Sanalire. Anatola mahedifoni aja nkuwapukuta fumbi ndi chitenje.

Sanawonongeke ayi, koma Jesinta sanaone chifukwa chowauzira anthu amenewo. Mwana wa iye ndi Smart, Favour, ali ndi mphumu. Tsiku lina, Jesinta ali kumsika, mphumuyo inamugwira mwanayo m'chipinda, Smart ali pabalaza makutu onse awiri atatseka, akulumikiza nyimbo. Sanamve kanthu mpaka Jesinta anabwera nkupeza mwana milomo itada. Atachoka kuchipatala, Smart analunjika pa mahedifoni aja. Anatenga lumo nkudula wayayo yekha. Kuyambira pamenepo nyimbo zake zonse, zija anazisoka mosaoneka msoko, anazisoka ndi khutu limodzi.

Jesinta anawavala monga ankavalira Smart, mbali yamanzere ataikankhira kuseri kwa khutu. Kumanja kunali zii. Kumanzere anamva nkhuku, anamva mphepo m'masamba a nimu, kenaka kuseri kwa nyumba anamva Favour akutsokomola.

Ananyamuka osawavula, napita kukamuona.