Maso a Woomba Sari wa ku Yeola

A Vasant Kokane anayamba kuona timadontho takuda tikuyandama pa ulusi kutatsala miyezi ingapo kuti chikondwerero cha chaka chatsopano, Gudi Padwa, chifike. Ankapukuta magalasi, ankasendeza choombera nsalu kufupi ndi zenera, koma timadonthoto sitinkachoka. Mu Yeola monse ankadziwika ndi luso loomba sari, nsalu zazitali zovala azimayi, za silika za mtundu wa Paithani. Sari imene inali pa choombera inali ya mwana wawo mmodzi yekhayo, Sayali, amene anali atangokwatiwa ku Nashik. Anamulonjeza kuti Padwa yake yoyamba kwa apongozi adzavala nsalu yochokera m'manja mwa bambo ake.

Matenda a shuga anawapeza nawo kalekale. Mapiritsi ankamwa bwinobwino mpaka pa Padwa ya chaka chatha, pamene mnzawo Namdeo, wonyika ulusi mu utoto, anawapeza akutafuna masamba a nimu monga aliyense amachitira m'mawa wa tsikulo.

"Iwe Vasant, ukukwinyiranji nkhope ngati khanda?" anaseka Namdeo. "Mankhwala enieni ndi amenewo. Makolo sanali opusa potiuza kuti chaka tiziyamba ndi chowawa. Nimu amatsuka magazi. Uzitafuna tsiku ndi tsiku, mapiritsi akowo utaye. Sukuona kuti ndi amene akukunjenjemeretsa manja?"

Woomba nsalu amaopa manja onjenjemera kuposa njala. A Vasant anasiya mapiritsi.

Akazi awo, a Shalan, ataona kuti amuna awo akulephera kulowetsa ulusi pa singano, anakanong'oneza anamwino a Gaikwad a pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Anamwinowo anafika pakhomo, anawayeza shuga, n'kupukusa mutu.

"Bambo Kokane, nimu wa pa Padwa idyani, ndi mwambo wathu, inenso ndimadya. Koma sangalowe m'malo mwa mankhwala. Shuga akakhala wokwera nthawi yaitali amawononga timitsempha ta kumbuyo kwa diso, ndipo sizipweteka n'komwe. Timadontho mukutionato atha kukhala magazi amene akudontha m'kati. Yambiraninso mapiritsi lero, ndipo sabata yomwe ino mupite ku Nashik akakuoneni maso."

"Mayi, akandithira mankhwala awo aja m'maso ndimaswera osaona ulusi. Ndimalize kaye sari ya mwana. Padwa ikadutsa ndipita."

"Sayali akhoza kuvala sari ina chaka chino. Inu diso lina mulitenga kuti?"

A Vasant anangoti zikomo, n'kubwerera pa choombera.

Atafika pa mbali ya sari yokolekera paphewa, pamene pamaombedwa mapikoko, a Shalan anaima kumbuyo kwawo.

"Bambo a Sayali, ulusi mwatengawo si wobiriwira."

"Mkazi iwe, ine ndinayamba kuomba iwe usanadziwe n'kumanga komwe sari. Lero undiphunzitsa mitundu?"

Kuyambira pamenepo a Shalan ankangobweretsa tiyi n'kuyang'ana kumbali.

M'mawa wa Padwa a Vasant anafika ku Nashik ndi sari ija. Pakhonde pa apongozi a Sayali gudi inali itaimikidwa kale: nsungwi yaitali yovekedwa nsalu yowala, masamba a nimu ndi maluwa, kamphika kamkuwa kozondoka pamwamba. M'nyumba munkanunkhira mikate yotsekemera. A Sulochana, apongozi aakazi a Sayali, anali ataitana anansi kuti adzaone ntchito ya katswiri wa ku Yeola. Anafunyulula sari ija pamaso pa onse.



"Asewere," anatero a Sulochana, "kodi pikoko uyu anagwera m'phulusa? Nanga mnzakeyu khosi analithyola ndani?"

A Vasant anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pachibale. Palibe anaseka nawo. Anatenga nsaluyo n'kuiyandikitsa kumaso mpaka inakhudza mphuno. Zimene anaona ndi nkhungu yokhayokha.

"Ndivala yomweyi, Amayi," anatero Sayali. "Aomba Ababa ndi manja awo."

Azimayi aja atatuluka kukapemphera pa gudi, a Vasant anaona chithunzithunzi chowala chikubwera kwa iwo. Anadzuka, anaika dzanja pamutu pake. "Mwana wanga, wakongola ngati tsiku la ukwati wako."

Mayi amene anamugwirayo anali wa nyumba yoyandikana nayo. Anabwerera m'mbuyo mwamanyazi.

"Ababa," anamveka mawu chakumanzere kwawo, "ine ndili kuno."

Mawa lake Sayali ndi mwamuna wake anawatengera kwa dokotala wa maso. Dokotalayo anawayeza maso onse awiri.

"Diso lakumanjali lawonongeka kwambiri, sitingalibweze. Lakumanzere tiyesetsa kuti kuwala kwatsalako kusathe, bola muzimwa mankhwala osadumphitsa. Mukanabwera mutangoyamba kuona timadontho tija, tikanapulumutsa zambiri."

"Nanga kuomba, adokotala?"

Dokotala anapukusa mutu.

A Vasant atabwerera ku Yeola, Namdeo anabwera kudzawazonda. Anakhala pampando n'kupumira m'mwamba. "Pepa mnzanga, zolembedwa sizifufutika. Komanso mwina masambawo sunkatafuna okwanira."

A Shalan, amene anakhala chete miyezi yonse ija, anaponya mbale pansi. "Tulukani! Inu maso muli nawo onse awiri, khomo mukuliona. Tulukani!" Namdeo atapita, a Shalan anakhala pansi n'kulira. "Inenso ndinaona pikoko uja akuwonongeka nthenga ndi nthenga, koma ndinaopa kukalipiridwa."

A Vasant anapapasa mpaka anapeza phewa la akazi awo.

Nyengo ya mvula isanayambe, choombera chija anachimasula n'kuchipereka kwa woomba wa khomo loyandikana nalo. Anachiimika kuseri kwa khoma lomwe a Vasant amatsamira. M'mawa uliwonse, akamwa mapiritsi awo, amachimva chikugogoda, ndipo zala zawo zimayenda zokha pamaondo.

Phunziro: Miyambo yathu ndi yokoma, koma masamba a pa chikondwerero sangalowe m'malo mwa mankhwala ochokera kuchipatala. Wodwala shuga asasiye mankhwala chifukwa cha mawu a mnzake, aziyezetsa maso chaka chilichonse, ndipo akaona kusintha kulikonse m'maso apite kuchipatala msanga, ngakhale ntchito itachuluka bwanji. Nanunso apabanja, mukaona chizindikiro musakhale chete poopa kukalipiridwa.