Dzina la pa Kaseti, Dzina la pa Sidi

Wilfrido Cantillo anaba mawu a mkulu wake Nicanor, mwini wake ali m'manda, ndipo amene anamugwira anali Edelmira, mkazi wa malemuyo.

Nicanor anaimba zaka makumi awiri m'maukwati ndi m'mabala, Wilfrido akumulizira akodiyoni, koma nyimbo imene inatchuka inali imodzi yokha. Kampani ina ya mumzinda wa Barranquilla inaiika pa chimbale cha nyimbo zotchuka za chakacho. Pakati pa nyimboyo, monga amachitira oimba onse a m'chigwa cha kwawoko, Nicanor anafuula dzina la munthu pomupatsa moni. Don Arcesio, mwini ng'ombe zosawerengeka, anali atatumiza uthenga kuti dzinalo likhale lake. Nicanor, ndi mutu wake wouma uja, anafuula la Don Hermes, amene ankalimbirana naye malo Arcesioyo. Mwezi wa Febuluwale, anthu awiri a panjinga yamoto anamuwombera Nicanor pakhomo pa ometa tsitsi. Palibe amene anaona kanthu.

Chimbalecho chinatuluka mitundu itatu. Pa lekodi malo anachepa, nyimbo inazilala moni asanafike. Pa kaseti inali yonse, kumbali yachiwiri, yachitatu kuchokera kumapeto. Sidi inabwera mochedwa, maliro atatha kale, ndi nyimbo ziwiri zoonjezera komanso mawu oyera opanda phokoso. Edelmira anaimva m'basi akupita kukagulitsa tchizi. Pamene ankadikira dzina la Hermes, mwamuna wake anafuula la Don Arcesio. Anatsika basi asanafike.

Sabata imeneyo makaseti anayamba kusowa. Anyamata a Don Arcesio, a zipewa zazikulu, ankayenda m'misika ndi m'magalimoto a hayala, kutenga kaseti, kusiya sidi.

Lachinayi masana, Edelmira akusenda chinangwa, Wilfrido analowa atavala nsapato zatsopano. Panja panaima galimoto yoyera, injini osazimitsa.

"Alamu, mwaswera? Ndakubweretserani sidi. Achimwene akumveka ngati ali m'nyumba momuno."

"Ndiilizira pa chiyani, pa chiwaya?"

Wilfrido anaseka pang'ono, maso ali pa wailesi ya kaseti imene inali pa shelefu.

"Ya kaseti ija ndi yakale, alamu. Tepi imatafunika. Ndipatseni ndikakusungireni."

"Khala pansi."

Sanakhale. Edelmira anapukuta manja pa diresi lake lakuda, nadina batani. Akodiyoni inalira, ndipo mawu a Nicanor anadzaza khitchini, okhakhala, a munthu wosuta. Dzina la Hermes linatuluka lonse, mpaka kudutsa pa zenera.

"Chepetsani, chonde. Akumva panjapo."

"Amve. Mkulu wako akafuula ankayamba wakoka mpweya ngati bulu. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndagona pambali pa mpweya umenewo. Pa sidi yakoyo palibe kukoka. Pali kamawu ka m'mphuno, kako kaja unkaitanira nkhuku za amayi ako."

"Simukudziwa momwe zinthu zilili, alamu. Ndili ndi ana anayi."

"Iyeyo analibe?"

Panja chitseko cha galimoto chinatseguka. Munthu anatsika, nayamba kuyenda pang'onopang'ono pa miyala ya pabwalo. Galu wa oyandikana nawo anasiya kuuwa.

Wilfrido anatambasula dzanja. "Akalowa iwowo sapempha. Kaseti yomaliza m'tauni muno ndi imeneyi. Ndipatseni, nkhani ithe."

Edelmira anaitulutsa mu wailesi, naiika m'kati mwa diresi pachifuwa. Kenako anatola mpeni wa chinangwa uja, nakaima pakati pa mlamu wake ndi khomo. Mthunzi wa chipewa unali utafika kale pa simenti.

"Sutuluka muno usanandiuze. Unaima kutsogolo kwa makina awo ojambulira mawu, n'kutsegula pakamwa, n'kumupatsa moni munthu amene anapha mwana wa amayi ako, pa nyimbo yake yomwe. Anakuuza kuti ubwereze kangati kuti ufanane naye? Ndiyang'ane, Wilfrido. Ndiyankhe."