Khadi la Kamphaka

Kamphaka ka Zuleka kanayamba ndi kuyetsemula. Kenako maso anamatana ndi manthongo, ndipo ngakhale usipa kanasiya kuununkhiza. Mwana wake Salimu anayambanso chomwecho chaka chatha, chimfine chabe, mpaka chibayo chinamutenga.

Zuleka anakulunga kamphakako m'chitenje, kakupuma molira ngati mluzu, n'kukanyamula pachifuwa, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto ku Salima.

Pokwerera basi ku Senga Bay, mnyamata woona makhadi a chipani anamuimitsa.

"Khadi lanu ndaliona, mayi. Nanga la mwanayo?"

Zuleka anayang'ana chitenjecho. Kupuma kolira ngati mluzu kuja kunali kutaleka. Sanatsutse, ndipo sanavundukule. Anagula khadi lina.

"Dzina la mwana?" anafunsa mnyamatayo atagwira cholembera.

"Lembani Salimu."