Tsiku Limene a Sajeni Anakhala Pansi

"Ababa, kodi munthu akadwala amamumanga unyolo?"

Anafunsa choncho mwana wawo wamkazi tsiku limene a Sajeni anamanga telala wodwala maganizo woyandikana nawo nyumba n'kumuponya m'galimoto ngati thumba. Kuntchito atalengeza za maphunziro othandizira anthu odwala maganizo, iwo ndiwo anayamba kukweza dzanja.

Tsopano matenda aja anali atayambiranso. Mlongo wa telalayo, amene ankamusamalira, anafika pampanda wa a Sajeni akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Aneba, achimwene ayambanso! Nsalu za eniake aziduladula. Koma ngati mukubwera ndi unyolo uja, bola mukhale. Zipsera sizinathe m'mikono."

Galimoto ya polisi imene anaiitanitsa inafika ikulira. A Sajeni anaibayibitsa kuti itonthole. Munatuluka mnzawo wakalekale, amene onse ankamutcha Mabingu chifukwa cha mawu ake. Telala anali ataima pakhomo la shopu, thukuta lili kamukamu, sizasi yaikulu ili m'manja.

"Bwana, ine ndizungulire kuseri, inu kumaso," anatero Mabingu. "Sitichedwa naye."

"Iwe, ntchito yako lero ndi yolemera: tseka pakamwa. Ukatero uwabweze anthu akuonererawa."

"Ndiye munapitira zimenezi kusukulu? Kukhala chete? Mukanangofunsa alamu kunyumba, akanakuphunzitsani ulere."

A Sajeni anavula chipewa ndi lamba n'kumupatsira. Anakhala pansi kumapeto kwa khonde, pataliko ndithu, manja ali poyera pamaondo. Sizasi ija sinali yoseweretsa. Namwino amene ankawaphunzitsa ankabwereza zomwezomwezo: azilankhula munthu mmodzi, osamunamiza wodwalayo, osalimbana naye pa zimene akumva.

"Atelala, ndine neba wanu."

"Ndikukudziwani. Mwabwera kudzandimanga."

"Ayi. Onani manja angawa."

"Mukuwamva? Ali m'nsalumu. Akuti andisoka pakamwa."

"Ine sindikuwamva, koma ndikuona kuti akusautsani. Tulo mukupeza?"

Telala anapukusa mutu. Mawu akuti "ponya pansi" anafika pakhosi pa a Sajeni mwachizolowezi, koma anawameza. Ulendo uja anakuwa mawu omwewo mpaka kusasa, munthu osaponya, ndipo zinathera m'kugwetsana. Ali chikhalire, dzuwa likuwaotcha padazi, anaona mmene telala ankaigwirira sizasiyo: sanailozetse kwa munthu, anaifungatira pachifuwa. Kodi alipo telala amene angaponye sizasi yake pasimenti?

"Atelala, mukaweruka sizasiyo imagona pati?"

"Pamsomali. Siigwa pansi imeneyi, imabuntha."

"Nanga bwanji ikapumeko? Yagwira ntchito lero."

Telala anawayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenaka analowa, anaikoleka pamsomali wake, n'kubwera kudzakhala pakhonde. Anayamba kulira mosatulutsa mawu.

"Ndikufuna tipite kuchipatala, sindikubisirani," anatero a Sajeni. "Achemwali anu tipita nawo."

"Kumbuyo kuja sindikwera."

"Mukhala kutsogolo. Kumbuyo kukwera Mabingu, mphepo imuphwetseko mimba."

Mabingu anatsegula pakamwa, anakumbukira ntchito yake, n'kutsekanso.

Dzuwa litapendeka, mlongo uja anabwera pampanda. Anati adokotala amugoneka telalayo m'chipatala, ndipo wagona tulo tofa nato. Anayamba kuthokoza, koma a Sajeni anamudula.

"Mankhwala anasiya liti?"

Mayiyo anawerama. "Papita nthawi. Ndinkaona kuti sakugona, koma ndinkaopa kukuuzani. Ndinkati mukamva inu, amva apolisi."

A Sajeni anakanda padazi paja. Sanamudzudzule.

"Tipangane, aneba. Mukangoona makina akulira osapuma, munthu osadya, mundiitane pompano, zisanafike pa sizasi."

"Ndidzakuitanani. Koma inunso mulonjeze: mudzabwere wapansi, mutavala malaya akunyumba."

"Ndalonjeza. Ndidzavala ong'ambika aja, mwina angandisokereko."