Nyanga za Keziah

Tsiku lomaliza limene Lamont anaona mchemwali wake Charlene ali moyo, anakangana za filimu ya ana. Linali Lamlungu masana, mumzinda wa Dayton, kutsidya kwa nyanja. Charlene ankaluka tsitsi la mwana wake Keziah, chipeso chili kukamwa, uku pa TV zilombo zamanyanga zikuvina ndi kuimba pakhomo pa sukulu ya anthu.

"Achemwali, mukuziona zimene mukumuonetsa mwanayu? Zilombozi zimakhala kutsidya kwa njanji. Kuvina palibe wozipambana. Kuti zilowe m'kalasi, zizipala kaye nyanga m'mawa uliwonse. Akunena ndani pamenepa? Ndi ifetu anthu akuda."

"Ndiye kuti akutiikira kumbuyo. Pomaliza paja onse amagwirana manja."

"Koma akuti makolo a zilombozi ankadyadi anthu. Ife tinadya ndani?"

Charlene anachotsa chipeso kukamwa. "Chaka chimodzi chokha ku koleji, wasanduka kale pulofesa wa zidole. Tandipatsira mafutawo, iwe."

Anawapatsira. Lachinayi lake mtsempha wa m'mutu mwa Charlene unaphulika ali kuntchito. Lamont sanabwererenso ku koleji. Anasamukira m'nyumba ya malemuyo kuti alere Keziah, napeza ntchito yonyamula makatoni.

Patatha miyezi isanu, Keziah, yemwe tsopano anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anabwera ndi kalata yakusukulu. Kalasi yawo idzachita sewero la filimu yomwe ija, ndipo iye ndiye adzakhale mwana wa chilombo wotsogolera nyimbo. Koma pasukulupo mwana sakwera pa siteji kholo lisanasaine. Kalata ikapanda kubwerera pofika Lachisanu, malo ake adzapatsa wina.

Lamont anaimata pa filiji. Keziah sanapemphe kanthu. M'mawa uliwonse ankangoika cholembera pambali pa kapu ya khofi ya amalume ake, n'kupita kukavala nsapato.

Lachisanu Lamont anapita yekha kusukuluko, mawu atawakonza kale. Ankayembekezera kuti mphunzitsi wa Keziah akhala mtsikana wachizungu womwetulira. Anapeza Mayi Pettiford, mayi wakuda waimvi, amene pamaliro paja anabweretsa mbale ya makaroni. Mawu ena anathawa, koma otsalawo anawanenabe.

"Aphunzitsi, ana onsewa, chilombo mwasankha mwana wakuda?"

"Sindinasankhe ndine, mwana wanga. Chinasankha chipewa icho." Analoza chipewa chakale chomwe chinali pashelefu. "Chaka choyamba ndinkadziyesa wochenjera. Ana akuda ndinawaika anthu, achizungu zilombo. Makolo achizungu anakadandaula kwa ahedi. Ana akuda nawonso analira, chifukwa anthu m'seweroli ali ndi nyimbo imodzi yokha, yogonetsa tulo. Chaka chinacho ndinasintha, anabwera makolo ena, nkhope ngati yakoyi. Ndiye tsopano timaponya maina m'chipewa."

"Nanga bwanji osangolisiya sewerolo?"

"Ana amalidziwa lonse pamtima ndisanatsegule pakamwa."

"Koma inuyo filimuyi mumaiona yabwino kapena yoipa?"

"Ndaionera kakhumi ndi kawiri. Lolemba ndimaiona yabwino. Pofika Lachitatu imandinyansa."

Mayi Pettiford anatuma kuti Keziah aitanidwe kuchokera kubwalo lamasewero. Mwanayo analowa ali wefuwefu, maso ali pa kalata imene inali m'manja mwa amalume ake. Lamont anagwada bondo limodzi.

"Kezi, ukudziwa kuti zilombo zija akutanthauza ndani?"

"Ndi ife. Aliyense amadziwa, amalume. Ngakhale Paisley amadziwa."

Paisley anali mnzake wachizungu wokhala naye desiki imodzi. Lamont anabwera kudzamutsegula maso mwanayo, koma tsopano sanadziwe kuti apitirize pati.

"Ndiye sizikupweteka?"

Keziah anapukusa mutu. Kenaka anayang'ana pansi. "Kungoti Paisley anandifunsa ngati n'zoona kuti agogo athu akale ankadya anthu. Sanafunse mwachipongwe ayi. Amangofuna kudziwa."

Mayi Pettiford anavula magalasi.

"Unamuyankha chiyani?" anafunsa Lamont.

"Ndinati ndikawafunsa amayi." Anakanda chigongono. "Ndinaiwala kuti kulibenso."

Ndiye kuti Lamlungu lija Lamont ndiye ankanena zoona. Anadikira kuti mtima ukhaleko pansi, koma sunakhale. Amene akanamuuza kuti mwaona kodi, achemwali, anali kumanda, ndipo mwanayo ankafunabe nyanga zake.

"Sanadyepo munthu, Kezi. Ngakhale mmodzi."

"Ndiye ndidzanena pa siteji, nyimbo isanayambe. Ndidzati agogo athu sanadyepo munthu."

"Ukadzanena utavala nyanga, anthu adzamva kuti ukunena agogo a zilombo."

"Si omwewo?"

Lamont anayang'ana kwa aphunzitsi kuti amuthandize.

"Mawu amenewo m'sewero mulibe," anatero Mayi Pettiford. Anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Koma amene amayatsa nyimbo ndine. Ndikhoza kuchedwa pang'ono."

Lamont sanadziwe ngati kusaina kunali kumupereka mwanayo kapena kumumasula. Anaganiza za Keziah atakhala pansi pakati pa oonerera, wina atavala nyanga zake, funso la Paisley lili chikhalire. Anaganizanso za holo yodzaza makolo akuombera m'manja kamwana kakuda kopala nyanga kuti akalandire. Zonse ziwiri zinamuwawa mofanana. Keziah anali atatulutsa kale cholembera m'thumba la siketi.

Lamont anatsamiritsa kalata pa desiki, nalemba dzina lake pamzere wa kholo. Pamzere wapansi pake, polemba deti, anaima. Chichokereni kumanda ankangodziwa masiku antchito ndi opuma, madeti sankawatsatira. Mayi Pettiford anamulozera pa bolodi, iye n'kukopera.

14 Malichi 2025.