Ku Antiokeya Mbale Ankatsuka Ndani?

Ndinali nditatopa, abale inu. Zaka zisanu ndi chimodzi mpingo wathu unkakumana m'nyumba mwanga kuno ku Midland, kudziko la eni, anthu makumi awiri pabalaza pokwana asanu ndi atatu. Sabata yonse ndimasambitsa agogo kunyumba yosamalira okalamba, ndiye Lamulungu, tsiku lokhalo lopumula, ndiphikenso mpunga ndi nkhuku, poti kwathu mlendo sachoka ndi njala. Amuna anga a Maclean amatha masabata awiri ali kumgodi, mipando ndinkanyamula ndekha. Lamulungu lina ndinatsimikiza mtima kuti anthu a mumpingowo ndiwauza akapeze pena.

Mwatsoka amene ankalalikira tsikulo anali a Luwayo, amene akuphunzira mbiri ya mpingo kuyunivesite. Munthu wabwino, koma akayamba kuyankhula sapuma.

"Akhristu oyambirira analibe matchalitchi," anatero. "Ankakumana m'nyumba za anthu. Ku Antiokeya, ku Efeso, mpaka ku Roma, chikhulupiriro chinkayenda khomo ndi khomo, wamalonda kuuza mnzake, kapolo kuuza mbuye wake. Akapemphera ankadyera limodzi, ngati mmene tikuchitira muno mwa mayi Edda."

Onse anati ameni, n'kundiwombera m'manja. Ine msana ukuwawa.

"Achimwene," ndinatero, "pepani ndakudulani. Ku Antiokeyako mbale ankatsuka ndani?"

Anthu anaseka. A Luwayo anakanda mutu. "Ambiri mwa iwo mayina awo sanalembedwe, mayi."

"Ndinadziwa! Ndiye poti mwanena nokha kuti zinkayenda khomo ndi khomo, nafenso tisunthe. Khomo langa latopa. Sabata yamawa tipite kwa wina."

A Kondanani, amene amatitsogolera nyimbo, anati eni nyumba yawo safuna phokoso. Mwaka, mtsikana wa ku Zambia, anati amakhala anthu anayi m'fulati, ena amagona masana. A Luwayo ali ndi kachipinda kamodzi basi. Sankanama ayi, ndimadziwa mmene amakhalira. Tinagwirizana zoipempherera nkhaniyo, anthu anadya mwachangu, azimayi anzanga n'kutsuka mbale zonse koyamba, kenako anabalalika.

Sabata yonse pagulu lathu la pafoni palibe analemba kanthu.

Lamulungu ndinagona mpaka dzuwa litakwera, koma sindinamve kukoma. Ndinakhala pabalaza ndi tiyi, makutu ali kukhomo, ndikudzikalipira kuti iwe Edda ukudikiranso ndani. Palibe anagogoda. Mtima unandiwawa, sindibisa.

A Maclean, amene anafika dzulo lake kuchokera kumgodi, anatuluka kuchipinda atavala kale jekete. Zonsezi ndinali ndisanawauze.

"Amake Annette, nthawi yatha, bwanji anthu sakufika? Kapena asintha malo? Ndiuzeni ndikalize galimoto. Tikapemphera kwa ndani lero?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule dzina la munthu, ngakhale mmodzi. Panalibe.